KUBVULALA M'MUTU: KODI NDI ANGATI AMENE AFUNIKA OPARESHONI?

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi pa nthawi ya alimi. Taisindikiza muno kuti mafumu ndi nyakwawa aiwerenge pa bwalo pamaso pa anthu ao.

Masiku onse pa nthawi yino timakamba za mbeu, za nkhokwe ndi za ziweto. Lero tiusiye munda pang'ono, tikambe za mwini munda, makamaka za mutu wake.

Palibe mudzi umene sunaonepo munthu atabvulala m'mutu. Mwana akwera mu mtengo wa mango, nthambi nkukhadzuka. Bambo ali pa denga kufolera nyumba kapena chigafa cha fodya, phazi nkuterereka. Ngolo igubuduzika potsika chitunda ng'ombe zitadzidzimuka. Mnyamata wa kabaza aombana ndi galimoto pa mseu. Ndiponso tisabise, ku mowa anthu amakanthana ndi mipini, mabotolo ndi miyala. Zotere zikachitika usiku, anthu athamangira kwa inu a mfumu ndi funso lao: kodi timtengere ku chipatala tsopano lino, kapena tidikire kuche? Ndipo kuseri kwa funso limeneli kuli mantha ena amene anthu sawatchula poyera. Amati ku chipatala akamboola mutu, ndipo wobooledwa mutu sabwerako wamoyo.

Mantha amenewa ndiwo ndifuna kuti tiwaunike bwino lero. Madotolo anawerenga kale anthu obvulala m'mutu zikwi zambiri, ndipo adziwa kuti mwa iwo ndi angati amene afunika opareshoni. Yankho lake liri pawiri. Ochuluka ndithu safunika opareshoni konse. Koma owerengeka amene aifuna, aifuna tsiku lomwelo, kawirikawiri pasanapite maora ambiri. Ndipo pa ora loyamba munthu wotere akhoza kuoneka bwino monga anzake onse.

CHIWERENGERO CHAKE

M'chaka cha 1983 madotolo a ku Glasgow, ku Scotland, mzinda womwe uja Dr. David Livingstone anaphunzirako za udotolo, anasindikiza zimene anapeza atafufuza za anthu akulu zikwi zingapo amene anabvulala m'mutu. Iwo anafuna kudziwa kuti ndani amene magazi amaundana m'kati mwa mutu wake kufikira kufuna opareshoni. Anayang'ana zinthu ziwiri zokha. Choyamba, kodi pfupa la mutu, ndilo chigaza, lang'aluka? Ichi chimaoneka pa chithunzi cha X-ray. Chachiwiri, kodi nzeru za munthuyo ziri bwino, ndiko kuti adziwa dzina lake, malo amene ali, ndi tsiku la lero?

Tamverani tsono zimene anapeza. Mwa anthu amene chigaza chao sichinang'aluke ndipo nzeru zao ziri bwino lomwe, wofunika opareshoni anali mmodzi yekha mwa anthu 6,000. Anthu 6,000 ndi midzi yambirimbiri pamodzi. Chigaza chikakhala chabwino koma munthu wasokonezeka, alankhula zosalongosoka, ndi mmodzi mwa 120. Chigaza chikang'aluka koma nzeru ziri bwino, ndi mmodzi mwa 32. Koma ziwirizo zikakomana pa munthu mmodzi, chigaza chong'aluka ndi nzeru zosokonezeka, pamenepo ndi mmodzi mwa anthu 4 okha.

Taonani kutalikirana kwake. Onsewa timangoti abvulala m'mutu, onse mwina ali ndi bala ndi magazi pa malaya, koma tsoka lao silifanana mpang'ono pomwe. Inu ku mudzi mulibe X-ray yoonera pfupa. Koma chinthu chachiwiricho, nzeru za munthu, mungathe kuchiyesa nokha popanda makina alionse, ndipo ndidzabwererako kutsogoloku.

Madotolo a ku Canada anachita nchito yofanana ndi imeneyi naisindikiza m'chaka cha 2001. Iwo anali ndi makina otchedwa CT scan, amene amajambula ubongo weniweni m'kati mwa chigaza. Anatsata anthu akulu 3,121 m'zipatala 10, onse amene anakomoka kanthawi, kapena kuiwala zimene zinachitika, kapena kusokonezeka pang'ono, koma anafika ku chipatala akulankhula. Mwa anthu 100 alionse, 8 anapezeka ndi bala lodetsa nkhawa m'kati mwa mutu, ndipo mmodzi yekha ndiye anafunika manja a dotolo wa ubongo. Kwa ana chiwerengero chichepanso. Ku America m'chaka cha 2009 anasindikiza za ana 42,412 amene makolo anathamangira nao ku chipatala atagunda mutu, nafika ali maso. Amene anachitidwa opareshoni anali 60, ndiko kunena mwana mmodzi mwa ana 700.

Zinthu zimasintha kwa munthu amene wakomoka kotheratu, sapenya, salankhula, samva pomuitana. Mwa anthu otere, mmodzi mwa 3 kapena 4 amapezeka ndi magazi oundana ofunika kuwachotsa msanga. Otsalawo musawayese ali bwino chifukwa sanawachite opareshoni, iai. Ubongo wao wagwedezeka ndi kutupa ponseponse, ndipo palibe malo amodzi oti dotolo akachotsepo kanthu. Thandizo lao ndi mpweya, madzi a m'mitsempha, ndi anamwino owayang'anira usana ndi usiku.

Ziwerengero zimenezi nza maiko akutali, koma mutu wa munthu unalengedwa chimodzimodzi kulikonse. Chotero mukapita ndi m'bale wanu ku chipatala akuyenda yekha ndi kulankhula, dziwani kuti chimene chimdikira kumeneko kawirikawiri ndi kumuyeza, kumsoka bala, kumgoneka usiku umodzi kapena uwiri kuti amuone, ndi kumbweza kwao.

CHIFUKWA NINJI ENA AFUNIKA KUTSEGULA MUTU?

Inu amene munaphwanyapo mutu wa mbuzi pa ukwati mudziwa kuti ubongo ndi wofewa ngati phala lozizira, ndipo umadzaza chigaza chonse osasiya mpata. Wa munthu uli chomwecho. Mwendo ukabvulala umatupa, ndipo khungu limatamuka kuupatsa malo. Chigaza cha munthu wamkulu sichitamuka. Mtsempha ukang'ambika m'katimo, magazi alibe potulukira. Amaunjikana, naundana, nayamba kukankha ubongo. Safunikanso kuchuluka: masipuni awiri akulu a magazi oundana kunsi kwa chigaza akwana kuti dotolo aganize zotsegula. Akanka naonjezereka, ubongo umakankhidwira pansi, nufinya tsinde lake limene liyendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima, ndipo pamenepo munthu amwalira.

Nchifukwa chake kukula kwa bala la kunja sikutiuza zambiri. Khungu la pa mutu liri ndi mitsempha yochuluka, ndipo kabala kakang'ono kamatha kunyowetsa nsaru yonse, amai nkuyamba kulira maliro. Kawirikawiri bala lotere lingofuna kulitsinikiza ndi nsaru yoyera ndi kukalisoka. Magazi oopsa ndi amene simuwaona.

Pakati pa chigaza ndi ubongo pali chikopa cholimba chimene chimakuta ubongo wonse. Magazi akhoza kuundana pamwamba pa chikopa chimenechi kapena pansi pake, ndipo mitundu iwiriyi siyenda mofanana.

Wa pamwamba ndiwo wonyenga. Tagwirani pa litsipa panu, pakati pa diso ndi khutu. Pamenepo pfupa ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi ogunda. Mwala, mpini kapena chiongolero cha njinga chikamenya pamenepo, pfupa ling'aluka nilidula mtsempha uja, pamene ubongo weniweni mwina sunabvulale konse. Munthu akomoka kamphindi, atsitsimuka, adzuka, asasa pfumbi, mwina aseka, nayenda yekha kupita kwao. Anthu amati wapulumuka. Koma m'katimo mtsempha ulikutaya. Patapita ora limodzi, mwina maora 3, mwina 6, ayamba kudandaula mutu, asanza, afuna kugona. Abale amyalira mphasa. Pakati pa usiku amva akuliza mkonono waukulu, nati tulo tamkomera. Kukacha sadzuka. Si onse a magazi otere amene amayamba atsitsimuka chomwechi, koma amene atero ndiwo amatipulumuka m'manja.

Musayese kuti izi zimagwera anthu a ku mudzi okha. M'mwezi wa March 2009 mai wina wotchuka wa ku England wochita masewero a kanema, dzina lake Natasha Richardson, anagwa pa phiri la Mont Tremblant ku Canada pamene anali kuphunzira masewera otsetsereka pa chipale chofewa. Anadzuka, nalankhula bwinobwino, nakana thandizo la chipatala, nabwerera ku chipinda chake. Mutu unayamba kuwawa pambuyo pake. Anamwalira patapita masiku 2, ali ndi zaka 45, ndipo madotolo atayeza mtembo anapeza magazi oundana pamwamba pa chikopa chija. Ndalama anali nazo, zipatala zinalipo. Chimene chinamnyenga ndi nthawi ija imene anali kudzimva bwino.

Chomvetsa chisoni ndi chakuti mtundu umenewu ndiwo uchizika bwino koposa yonse. Ndikuuzeni m'mene amachitira, kuti mantha achepe. Wodwala amgoneka ndi mankhwala kuti asamve kanthu. Ammeta tsitsi, acheka khungu, aboola timabowo m'chigaza, nadula kachigamba ka pfupa ndi kukatukula monga chibvundikiro cha mphika. Magazi oundana ali pomwepo pamwamba. Awachotsa, atseka mtsempha umene ulikutaya, abwezera pfupa m'malo mwake, nasoka khungu. Ubongo weniweni sanaukhudze. Munthu akafika pa tebulo la opareshoni asanakomoke kwambiri, pafupifupi nthawi zonse achira, nabwerera ku munda wake ali ndi chipsera chokha chimene tsitsi limabisa.

Magazi a pansi pa chikopa ndi oopsa kuposa pamenepa, pakuti kawirikawiri ubongo womwe umakhala utabvulala, ndipo munthu amakhala wokomoka chichitikire ngoziyo. Madotolo a ku Richmond, ku America, m'chaka cha 1981 anasindikiza za anthu 82 okomoka amene anali ndi magazi a mtundu umenewu. Mwa amene anachitidwa opareshoni pasanathe maora 4 chibvulalire, anafa 3 mwa anthu 10 alionse. Mwa amene anachitidwa maora 4 atapitirira, anafa 9 mwa 10. Kufufuza kwa pambuyo pake kunaonetsa kuti kukula kwa bala la ubongo ndi msinkhu wa munthu nazo ziri ndi mbali yake, koma palibe dotolo amene amakonda kudikira akaona magazi otere.

Ine ndiganiza kuti apa ndi pamene panachokera mbiri ija yakuti wobooledwa mutu sabwerako. Munthu wagona pa mphasa usiku wonse, wafika ku chipatala chachikulu tsiku lachiwiri ubongo utafinyika kale, dotolo ayesa zimene angathe, munthu amwalira. Ndipo ku mudzi nkhani imamveka kuti wafa ndi opareshoni. Za usiku uja wa pa mphasa palibe amazitchula pa maliro.

Palinso mtundu wina umene alimi amauona kawirikawiri, ndiwo wa pfupa lophwanyika ndi kulowa m'kati, monga zimachitika ndi khasu, nkhwangwa, kapena chiboda cha ng'ombe. Apa bvuto lalikulu ndi litsiro. Tsitsi, dothi ndi tizidutswa ta pfupa zimalowa pafupi ndi ubongo, ndipo zikapanda kutsukidwa ku chipatala pamachita mafinya m'kati, kapena munthu adwala kafumbata. Dotolo amatsuka bala nakweza pfupa lolowalo. Ubongo ukatupa kwambiri, nthawi zina amachotsa chigamba chachikulu cha pfupa kuti ubongo upeze malo, nadzatsekapo patapita milungu kapena miyezi. Mukaona m'bale wanu wabwera ndi mbali ya mutu yofewa, musadabwe, ingomtetezani asagundenso.

Ndipo musati kutsegula chigaza ndi nzeru ya Azungu okha. Pakati pa Akisii a ku Kenya panali asing'anga odziwa kupala pfupa la mutu wa munthu wobvulala, ndipo anali kuchitabe nchito imeneyi m'zaka za m'ma 1900. Sinditchula ichi kuti wina ayese, iai ndithu. Ndingofuna mudziwe kuti anthu anaona kalekale kuti mutu ungathe kutsegulidwa mwini wake nkukhala ndi moyo.

ULENDO WAKE NGWAUTALI

Opareshoni ya mutu sichitika pa chipatala chaching'ono cha kwanu. Kumeneko adzamuyeza wodwala, adzamanga bala, nadzamtumiza ku chipatala cha pa boma. A pa boma akaona kuti nkofunika adzamtumiza ku chipatala chachikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Madotolo ophunzira za ubongo ndi owerengeka m'dziko lathu, ndipo nchito yao yaikulu ichitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene m'chaka cha 2023 anatsegula chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION pafupi ndi Kamuzu Central. Werengani nokha maora: kufuna njinga kapena ngolo, kudikira ambulansi, mseu wa matope m'dzinja, mlatho wokokoloka. Maora 4 aja akhoza kutha munthu ali pa njira. Za miseu ndi ambulansi simungathe kuzisintha usiku umodzi. Maora amene ali m'manja mwanu ndi aja otayika pa mudzi munthu asananyamulidwe.

Nanga amatayika bwanji? Poyamba, podikira mwini mbumba. Mwambo wathu ngwabwino, kuti munthu asatengedwe kutali atsibweni ake osadziwa. Koma atsibweni akakhala ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, auzeni pa lamya wodwala ali kale pa ngolo. Inu a mfumu muli ndi mphamvu yonena kuti, Mtengeni, mlandu wake ukhale pa ine. Ndipo palibe mwini mbumba wanzeru amene adzakudzudzulani.

Chachiwiri, pokamba mlandu. Munthu akamenyedwa, anthu amaunjikana kufunsana kuti anayamba ndani, alipira ndani galimoto, tipite ku polisi kapena kwa a gulupu. Mlandu suola. Muutumize wodwala ku chipatala choyamba, ndalama ya ulendo ichoke m'thumba la mudzi kapena kwa aliyense amene ali nayo, ndipo za kubweza mudzaziweruza pa bwalo mawa.

Chachitatu ndi mowa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka. Munthu wagwa ku mowa, anunkha kachasu, alankhula zosamveka, ayenda dzandidzandi. Onse amati waledzera, msiyeni agone. Koma zizindikiro za kuledzera ndi za magazi a m'mutu zimafanana kotero kuti ngakhale dotolo amabvutika kuzisiyanitsa. Kusiyana kwake kumaoneka ndi nthawi: woledzera amanka natsitsimuka pamene maora apita, koma wa magazi m'mutu amanka namira. Woledzera amene wagunda mutu asagone yekha m'nyumba yotseka, ndipo akakhala ndi bala kapena chotupa pa mutu, malo ake ndi ku chipatala.

M'MENE MUNGAYESERE NZERU ZA MUNTHU

Ndinalonjeza kubwerera ku nkhani imeneyi. M'chaka cha 1974 madotolo awiri a ku Glasgow komweko, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anakonza muyeso umene zipatala za pa dziko lonse zigwiritsa nchito kufikira lero. Muyesowu suli ndi makina. Umayang'ana zinthu zitatu: ngati munthu atsegula maso, ngati alankhula zanzeru, ndi ngati achita zimene mwamuuza. Amapatsa malikisi kuyambira 3, ndiye wokomoka kotheratu, kufikira 15, ndiye wabwino lomwe. Inu simufunika malikisi. Muitaneni ndi dzina lake muone ngati apenya. Mfunseni kuti ali kuti, lero ndi lachingati, mwana wake woyamba ndani. Muuzeni akufinyeni dzanja, kumanja ndi kumanzere, muone ngati mphamvu ifanana. Chachikulu si kuyesa kamodzi, koma kubwereza. Munthu amene anayankha bwino dzuwa likulowa, ndipo tsopano achedwa kuyankha kapena abwereza funso limodzimodzi, ameneyo walowa pansi, ndipo kulowa pansi kulikonse ndi chizindikiro chonyamukira, ngakhale ndi pakati pa usiku.

Alipo ena amene simuyenera kuwayesa pa mudzi konse, koma kunyamuka nao nthawi yomweyo. Ameneyu ndi aliyense amene anakomoka ngakhale kamphindi, kapena sakumbukira chimene chinamchitikira. Amene wasanza kawiri kapena kuposa. Amene wagwa khunyu pambuyo pa ngoziyo. Amene dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi walefuka, kapena pakamwa papotoka. Chimodzimodzi ngati m'khutu kapena m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi oyera, ngati mozungulira maso onse awiri kapena kuseri kwa khutu kwada, pakuti zimenezi zisonyeza kuti chigaza chang'aluka pansi pake. Yang'ananinso kamwana ka m'diso ndi nyali kapena tochi: kakakhala kakakulu mbali imodzi ndipo sikachepa mukaunika, ubongo wayamba kale kufinyika, ndipo nthawi yatsala pang'ono kwambiri. Onjezerani pamenepa munthu wa zaka 65 kapena kuposa, wogwa kuchokera pa denga kapena mu mtengo, wogundidwa ndi galimoto kapena njinga yamoto, ndi amene amamwa mankhwala a ku chipatala oletsa magazi kuundana. Khanda silingayankhe mafunso. Likakana kuyamwa, likalira kosatonthola, likangofooka, kapena liwombo likatupa, pitani nalo.

Wopanda chizindikiro ngakhale chimodzi mwa izi angathe kukhala pa mudzi, koma pakhale munthu wamkulu wosamwa mowa womuyang'anira usana ndi usiku woyamba. Tulo si toletsedwa. Mungomdzutsa maora 2 alionse, mumfunse mafunso aja, ndipo akayankha bwino agonenso. Mutu ukamuwawa mpatseni panado. Asipirini iai, pakuti amachititsa magazi kuchedwa kuundana. Mowa asaulawe.

Ponyamula munthu wokomoka kumbukirani kuti chimene chinamenya mutu mwina chathyolanso khosi. Musamkhazike pa njinga pakati pa anthu awiri mutu uli lendelende. Mgonekeni pa chitseko kapena pa thabwa, mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti ulunjike ndi thupi, ndipo mumtembenuze thupi lonse pamodzi kuti agone chammbali, masanzi atuluke asamtsamwe. Musamthire madzi kapena phala m'kamwa. Pa bala ikani nsaru yochapa. Koma ngati pfupa lalowa m'kati musatsinikize pamenepo, ingophimbani. Chinthu chikabaya m'mutu ndi kukanirira, musachizule. Mankhwala a zitsamba, phulusa, ndowe kapena dothi zisakhudze balalo.

Atsagane naye munthu amene anaona ngoziyo, ndipo adziwe nthawi imene inachitika. Dotolo adzafunsa kuti anagwa nthawi yanji, anakomoka nthawi yaitali bwanji, anayamba walankhula kodi, wasanza kangati. Mayankho amenewa ndiwo amamthandiza kusankha woyenera kutumizidwa msanga ku chipatala chachikulu. Nthawi iri ndi nchito inanso. M'chaka cha 2019 kufufuza kwakukulu kwa anthu 12,737 m'maiko 29 kunaonetsa kuti jakisoni wa mankhwala otchedwa tranexamic acid, amene athandiza kuletsa kutaya magazi, amachepetsa imfa mwa obvulala m'mutu amene sanakomoke kotheratu, akabayidwa pasanathe maora 3.

ZA AGOGO

Ndisanatseke, pali mtundu wina wa magazi a m'mutu umene suthamanga monga ija ndakamba, ndipo ndipempha mafumu mumvetsere bwino. Munthu akamakalamba ubongo umachepa pang'ono, ndipo timitsempha tochokera ku ubongo kupita ku chikopa chija timakokeka. Chimodzimodzi kwa munthu amene wamwa mowa zaka zambiri. Kwa anthu otere kugunda kwakung'ono kukwana: kudzigunda pa mphuthu ya chitseko, kuterereka ku bafa, kugwa pa njinga pang'onopang'ono. Tsiku limenelo palibe chioneka. Magazi amadontha pang'onopang'ono, ndipo patapita milungu 2 kapena 3, mwina miyezi 2, agogo ayamba kusintha. Mutu uwawawa, aiwala maina a adzukulu, akoka mwendo umodzi, agona usana, adzikodzera, lero ali bwino mawa asokonezeka. Ena amatuluka usiku nasokera, napezeka m'mamawa kuseri kwa nyumba ya eni.

Mudziwa nokha zimene anthu amanena nkhalamba ikapezeka kuseri kwa nyumba ya eni m'mamawa. Ena amati ukalamba, ena amati misala, koma ena amatchula ufiti, ndipo nkhani imafika pa bwalo panu miyala iri kale m'manja mwa anyamata. Musanamve mboni, funsani a m'banjamo funso limodzi: kodi agogowa anagwapo kapena kugunda mutu miyezi yapitayi?

Opareshoni ya magazi otere ndi imodzi mwa zimene madotolo a ubongo amachita kawirikawiri, ndipo ndi yaing'ono poyerekeza ndi zina zija. Amaboola kabowo kamodzi kapena tiwiri, kukula kwake ngati nsonga ya chala, nthawi zina osamgoneka nkomwe wodwala koma kungopha ululu pa malopo. Magazi akale amatuluka okha, akuda ngati oilo wotha nchito wa pa chigayo. Ambiri pakapita masiku owerengeka nzeru zao zimabwerera, nayamba kuzindikira ana ao ndi kuyenda. Chotero mukapita nao ku chipatala, muuzeni dotolo za kugunda kuja, ngakhale kunachitika mwezi wathawo ndipo mwini wake anakuiwala.